Mafuwa Atatu a Munthu Wobaya Insulini

Nkhani yathu lero ndi ya munthu amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi matenda a shuga, ndipo a dokotala amuuza kuti kuyambira tsopano azidzibaya jakisoni wa insulini. Ndikulankhula ndi munthu ameneyo, komanso ndi onse amene amadya naye m'mbale imodzi.

Ndiyambe ndi za kwathu. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 17, anayamba kuwonda tikuona. Nsima ankadya yambiri kuposa kale, koma lamba ankangomuboola mabowo atsopano. Madzi ankamwa ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo usiku chitseko sichinkapuma ndi maulendo okataya madzi. Agogo ake ndiwo anaona kuti pamalo pamene wakodza pakuunjikana nyerere. Pamudzi panamveka zambiri. Ena ankati walodzedwa, ena ankanong'ona za matenda ena. Tsiku limene anayamba kusanza ndi kupuma mwabefu tinathamangira naye kuchipatala, ndipo kadontho kamodzi ka magazi a pachala kanathetsa mkangano wonse. Shuga anali atakwera kwambiri.

Atamutulutsa, namwino anatipatsa timabotolo tiwiri, masirinji, ndi manambala olembedwa m'buku lake la kuchipatala: m'mawa mayunitsi akuti, madzulo mayunitsi akuti. Tili panjira mlongo wanga anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Achimwene, basi zatheka, mankhwala tapatsidwa." Nanenso ndinkaganiza choncho. Sitinkadziwa kuti tsiku limenelo ndi limene sukulu inatsegulidwa, ndipo tonse a pakhomo tinali titalembedwa mayina m'kalasi.

Tiyeni tione kaye chimene chimachitika m'thupi. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi, zonsezi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi. Kuti achoke m'magazi n'kukafika m'minofu kumene akufunika, pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi kapamba. Taganizani za chimanga chimene chakololedwa n'kutayidwa pabwalo, koma wochituta kulowetsa m'nyumba palibe. Pabwalo chimanga chili mbwee, m'nyumba ana akugona ndi njala. Umu ndi mmene zilili m'thupi lopanda insulini. M'magazi shuga wadzaza, pamene minofu ikuvutika ndi njala, mpaka thupi limayamba kudya mafuta ndi mnofu wake womwe. N'chifukwa chake mnyamata uja ankawonda akudya.

Matendawa alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba, umene umakonda kugwira ana ndi achinyamata, kapamba amasiyiratu kupanga insulini, choncho munthu amafunika jakisoni tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Mtundu wachiwiri, umene uli wofala kwambiri makamaka kwa akuluakulu, thupi limapanga insulini koma yosakwanira kapena siligwiritsa ntchito bwino. Ambiri amayamba ndi mapiritsi monga metformin, ndipo pakapita zaka ena amafunikanso jakisoni. Matendawa si a anthu olemera okha. Kafukufuku amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Bungwe la International Diabetes Federation linanena mu 2021 kuti mu Africa muno akuluakulu pafupifupi 24 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa theka sakudziwa n'komwe.

Ndamvapo anthu akunena kuti munthu akafika pobaya jakisoni ndiye kuti zake zada. Omvera, mawu amenewo ndi abodza, ndipo mbiri ikutsutsa. Chisanafike chaka cha 1922, mwana wopezeka ndi shuga wa mtundu woyamba sankakhalitsa, madokotala ankangomuchepetsera chakudya kuti masiku achulukeko pang'ono. Mu 1921, ku yunivesite ya Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anakwanitsa kutenga insulini m'kapamba wa nyama, ndipo James Collip anaiyeretsa kuti ithe kubayidwa kwa munthu. Mu Januwale 1922 anabaya mnyamata wa zaka 14, dzina lake Leonard Thompson, amene anali atatsala pang'ono kumwalira. Anadzuka, n'kukhalanso ndi moyo zaka zina 13. Lero pali anthu amene akhala akudzibaya kwa zaka zoposa 50, akwatira, abereka, aona zidzukulu. Tsiku la 14 Novembala, limene dziko lonse limakumbukira matenda a shuga, ndi tsiku lobadwa la Banting. Kabotolo kamene muli nako m'nyumbako ndi kamene kakukusungani.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani yathu. Mayi aliyense amadziwa kuti mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Limodzi likasendekera, ndiwo zimatayikira pamoto. Shuga wa munthu wobaya jakisoni nayenso amakhala pa mafuwa atatu: insulini imene wabaya, chakudya chimene wadya, ndi ntchito imene thupi lagwira. Manambala amene a dokotala analemba m'buku aja ndi fuwa limodzi lokha. Awiri enawo ali m'manja mwanu, ndipo amasuntha tsiku ndi tsiku.

Fuwa loyamba ndi insulini. Idziweni bwino ngati mmene mlimi amadziwira khasu lake. M'zipatala zathu zambiri mumapezeka ya mitundu iwiri. Ina ndi yoyera ngati madzi, imene azaumoyo amaitchula kuti soluble. Imeneyi imayamba kugwira ntchito pakatha mphindi pafupifupi 30, imafika pachimake pakatha maola awiri mpaka anayi, ndipo ikamafika maola asanu ndi atatu imakhala itatha mphamvu. N'chifukwa chake amati muibaye kutatsala theka la ola kuti mudye, kuti ikumane ndi chakudya panjira. Ina ndi yooneka ngati mkaka. Imeneyi imayenda pang'onopang'ono, ndipo imagwira shuga kwa maola ambiri, usana kapena usiku wonse. Palinso yosakaniza kale, imene pabotolo pake pamalembedwa 30/70. Ya mkakayi musanaikoke muziigudubuza pakati pa zikhatho modekha mpaka isakanikirane bwino, osaikhutchumula ngati botolo la thobwa. Ngati anakuuzani kusakaniza ziwirizi mu sirinji imodzi, yambani kukoka yoyera, kenako ya mkaka.

Insulini imayezedwa m'mayunitsi. Pabotolo mukaona palembedwa U-100, ndiye kuti mu mililita imodzi muli mayunitsi 100, ndipo kabotolo ka mamililita 10 kamakhala ndi mayunitsi 1,000. Sirinji nayo iyenera kukhala ya insulini, yogwirizana ndi botololo, osati ya jakisoni wina aliyense. Timizere ta pa sirinji n'tating'ono, ndipo pa masirinji ena kamzere kamodzi ndi yuniti imodzi pamene pa ena ndi mayunitsi awiri. Musachoke pamaso pa namwino musanakoke nokha iye akuona. Ngati maso anu saona bwino, bwerani ndi mwana kapena mdzukulu kuti aphunzire nanu limodzi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Malo obaya ndi pamimba motalikirako ndi mchombo, pantchafu, pamatako ndi kumtunda kwa mkono. Pamimba insulini imalowa msanga kuposa pantchafu. Mnyamata wathu anapeza kamalo kamodzi pantchafu kamene sikankapweteka, ndiye ankangobaya pomwepo. Patapita miyezi panatuluka kachotupa kolimba, ndipo shuga anayamba kuvuta popanda chifukwa chooneka. Namwino atapapasa anatiuza kuti insulini yobayidwa pa chotupa chotere imalowa mwa apo ndi apo, lero yambiri mawa yochepa. Muzisinthasintha malo, kusiya mpata wa chala chimodzi kuchoka pamene munabaya dzulo, monga mmene timasiyira mpata pakati pa mapando pobzala.

Kasungidwe nako n'kofunika. Botolo losatsegula limafuna kuzizira kwa mu furiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, koma lisaume ngati ayezi, chifukwa insulini ikauma yawonongeka. Botolo limene mwayamba kugwiritsa ntchito limatha kukhala kunja kwa furiji pafupifupi milungu inayi, bola pamalo pozizira bwino. Kwa ife amene tilibe furiji, kapena magetsi amatithawa, mtsuko wadothi umathandiza. Kulungani kabotolo m'pepala la pulasitiki, mangani bwino kuti madzi asalowe, n'kukaika mu mtsuko wa madzi umene uli pamthunzi. Musakasiye pawindo, pafupi ndi mbaula, kapena m'thumba la malaya mukuyenda padzuwa la Okutobala. Insulini yoyera ikachita mbuu, kapena ya mkaka ikachita timibulu tosasungunuka, musaibaye, pitani nayo kuchipatala.

Fuwa lachiwiri ndi chakudya. Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonezeka. Ena akamva za shuga amamulanda wodwala chilichonse, kumusiya ndi masamba owiritsa ndi nkhope yachisoni. Munthu wobaya insulini ayenera kudya, ndipo chinsinsi chake ndi nthawi ndi muyezo. Ngati dzulo masana munadya mitanda iwiri ya nsima, lero musadye inayi, mawa umodzi, pamene jakisoni ndi yemweyo. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga, komabe nawonso umakweza shuga ukachuluka. Ndiwo zamasamba, nyemba, usipa, mazira ndi nsinjiro zichuluke m'mbale. Tiyi wothira masupuni atatu a shuga, zakumwa zotsekemera ndi thobwa lothira shuga, izi zimakweza shuga mofulumira. Nyengo ya mango, bango limodzi silofanana ndi beseni lonse pansi pa mtengo.

Choopsa kwambiri ndi kubaya kenako osadya. Insulini ikalowa m'thupi siibwerera, imagwira ntchito yake kaya mwadya kaya simunadye. Tsiku lina mnyamata uja anabaya m'mawa, koma nkhuni zinali zonyowa, phala linachedwa. Iye poona kuti dzuwa likukwera anamanga thumba la chimanga panjinga n'kunyamuka wa kuchigayo. Atafika pamsika anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mawu akutuluka mokokakoka. Anyamata a kabaza anayamba kumuseka, amvekere wayamba kachasu m'mamawa. Mwayi wake, mayi wina wogulitsa mandasi, amene mwamuna wake ali ndi matenda omwewa, anazindikira. Anamukhazika pansi n'kumumwetsa Fanta, kenako anamupatsa mandasi. Pasanathe theka la ola anali bwinobwino. Madzulo ake anandiuza kuti, "Amalume, ndimamva zonse zimene amanena, koma pakamwa pamakana kuyankha."

Kumeneko ndiko kutsika kwa shuga, ndipo aliyense wa pakhomo ayenera kukudziwa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri, chizungulire, kupsa mtima kopanda chifukwa, ndi kulankhula ngati woledzera. Pa kamakina koyezera, ndi nambala yochepera 70, kapena yochepera 3.9 ngati kamakina kanu kamawerenga manambala ang'onoang'ono. Ndibwereze: 70, kapena 3.9. Zikatero, ngati munthuyo akutha kumeza, mupatseni masupuni atatu a tiyi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera. Dikirani mphindi 15. Ngati sizikusintha, bwerezani. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, kaya nthochi, mbatata kapena nsima. Koma ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala. Wobaya insulini asamayende wopanda maswiti kapena kashuga m'thumba, komanso kapepala konena kuti ali ndi matenda a shuga.

Fuwa lachitatu ndi ntchito. Tsiku lolima mizere kuyambira mbandakucha silifanana ndi Lamulungu lokhala pa benchi kutchalitchi. Minofu ikamagwira ntchito imadya shuga wambiri, ndipo shuga akhoza kutsika ngakhale usiku, ntchito itatha kalekale. Wopalasa njinga, wosenza madzi, woumba njerwa, wosewera mpira, onsewa anyamule kachakudya kapadera, ndipo akambirane ndi a dokotala za mlingo wa masiku otere. Mowa nawo ndi msampha, chifukwa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga amene chinasunga, ndiye munthu akhoza kukomoka ali m'tulo anthu n'kumati ndi matsire. Pa maliro, pamene chakudya chimabwera mochedwa, pa ulendo wautali wa basi, pa kusala kudya kwa kutchalitchi kapena kwa mwezi wa Ramadan, konzekeranitu ndipo funsani azaumoyo nthawi isanakwane. Ndipo ngati pakhomo chakudya chatha, monga zimakhalira miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, musachite manyazi kuwauza a dokotala. Mlingo wolembedwa nthawi yokolola ukhoza kukhala woopsa nthawi ya njala.

Nanga munthu amadziwa bwanji kuti mafuwa ake akhazikika? Apa ndi pamene pamabwera kope. Gulani kope wamba la ana asukulu, jambulani mizere, ndipo tsiku lililonse lembani nthawi, nambala ya shuga ngati mwayeza, mayunitsi amene mwabaya, chimene mwadya, ndi chimene mwachita. Kwa akuluakulu ambiri, nambala yabwino musanadye imakhala pakati pa 80 ndi 130, kapena pakati pa 4.4 ndi 7.2, koma a dokotala anu ndiwo angakuuzeni yoyenera inuyo. Ndikudziwa kuti timapepala toyezera n'tokwera mtengo. Ngati muli nato tochepa, musatithere pa nthawi imodzimodzi. Lero yezani m'mawa musanadye, mawa musanadye masana, mkuja pogona. Pakutha pa milungu iwiri mudzakhala ndi chithunzi cha tsiku lonse.

Nambala imodzi yokwera isakuchititseni mantha mpaka kudziwonjezera mayunitsi. Chimene a dokotala amafuna kuona ndi chizolowezi cha manambala pa masiku angapo, ndipo akamasintha amasintha pang'onopang'ono, kenako n'kudikira kuti aone zotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kope la mnyamata wathu ndi limene linaulula kuti shuga wake ankatsika cha m'ma 10 koloko m'mawa masiku atatu pa mlungu, ndipo masiku akewo anali omwe ankapita kudimba kukathirira. Popanda kope, tikanangonena kuti matenda ake ndi ovuta. Musalembemo manambala abodza pofuna kusangalatsa namwino. Nambala yoipa yolembedwa moona imathandiza kuposa yabwino yopeka, chifukwa mlingo wa mawa udzachokera pamenepo. Musabwerekenso mlingo wa mnzanu. Anthu awiri a msinkhu umodzi akhoza kufuna mayunitsi osiyana kutalitali.

Pali msampha wina umene umakola mabanja ambiri a odwala mtundu woyamba. Pakapita milungu kapena miyezi chiyambireni jakisoni, kapamba amatha kutsitsimukako kwa kanthawi, ndipo munthu amafuna insulini yochepa kwambiri. Apa ndi pamene ena amati wachira, kaya ndi mapemphero kaya ndi zitsamba, n'kutaya masirinji. Nyengo imeneyi imatha, ndipo matenda amabwerera mwaukali. Pempherani ndithu, pemphero limalimbitsa mtima, koma jakisoni asaime. Chimodzimodzi mukadwala malungo, chifuwa kapena kutsegula m'mimba. Ambiri amaganiza kuti popeza sakudya, asabaye. Koma thupi likamalimbana ndi matenda shuga amakonda kukwera, ndipo wodwala mtundu woyamba akasiya insulini magazi ake amadzaza ndi asidi. Zizindikiro zake ndi monga zija tinaziona tsiku limene tinathamangira ndi mnyamata uja kuchipatala: kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wonunkhira ngati zipatso zakupsa, ndi kugona tulo tosadzutsika. Zimenezi si zodikira kuti kuche. Imwani madzi pafupipafupi, yezani shuga kawirikawiri, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndisanatseke, mawu awiri kwa amene ali ndi udindo. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi makiliniki a matenda a shuga, ndipo bungwe la Diabetes Association of Malawi lakhala likulankhulira odwala kwa zaka zambiri. Koma wodwala wa kumudzi amafuna kuti insulini, masirinji ndi timapepala toyezera zizipezeka pafupi ndi kwawo, mwezi ndi mwezi, osadukiza. Kumupatsa munthu insulini popanda choyezera kuli ngati kumutuma ulendo wausiku wopanda nyali. Namwino nayenso amafunika nthawi yokwanira yoti akhale pansi ndi banja n'kuliphunzitsa, pakuti mphindi zimenezo ndi zimene zimachepetsa anthu obwera atakomoka.

Ndipo kwa inu a pakhomo, mutu umodzi susenza denga. Amene amaphika adziwe nthawi ya jakisoni. Aphunzitsi kusukulu adziwe chifukwa chake mwanayu amadya kanthu m'kalasi. Mkazi kapena mwamuna adziwe pamene pamakhala shuga wa mwadzidzidzi, ngakhale mumdima. Musamuyang'ane wodwala ngati wapolisi nthawi iliyonse akatambasula dzanja m'mbale. Khalani naye pansi, tsegulani kope limodzi, ndipo funsani kuti lero zayenda bwanji.

Mnyamata uja tsopano wabwerera kusukulu, lamba wake wabwerera pa bowo lakale. Masiku apitawa ndinamupeza m'mawa atakhala pa mpando, kabotolo ka insulini ya mkaka kali pakati pa zikhatho, akukagudubuza modekha. Asanakoke anasuzumira kukhitchini n'kufunsa kuti, "Amayi, phala lapsa?" Atamva kuti latsala pang'ono kuphulidwa, m'pamene anatenga sirinji. Mng'ono wake wa zaka 9 anali pambali atagwira kope ndi cholembera, akudikira kuti amve nambala.

Ngati muli ndi mnzanu kapena m'bale amene wangoyamba kumene jakisoni, kamufotokozereni zimene mwamvazi, ndipo tsiku lake la kuchipatala likafika mumuperekeze.